Likulu Ankalisankha Bwanji? Mafunso ndi Mayankho pa Kusamuka kwa Malikulu a Zigawo za America

Ukamufunsa munthu kuti likulu la chigawo cha New York ndi liti, ambiri amayankha mosazengereza kuti ndi mzinda wa New York. Si choncho, likulu lake ndi Albany. La California si Los Angeles koma Sacramento, ndipo la Illinois si Chicago koma Springfield. Mwa zigawo 50 za dziko la United States, ndi 17 zokha zomwe likulu lake lili mumzinda waukulu kuposa ina yonse ya m'chigawomo. Izi sizinachitike mwangozi. Kuseri kwa likulu lililonse kuli mkangano wa mtunda, ndalama ndi malo, ndipo mafunso ali m'munsiwa akutsata mkangano umenewo.

Tisanapite patali, chigawo n'chiyani, nanga territory n'chiyani?

Chigawo chomwe tikunena pano ndi chija Achimereka amachitcha state. Chimakhala ndi bwanamkubwa wosankhidwa ndi anthu, nyumba ya malamulo yakeyake ndi makhoti ake. Territory inali dera lomwe linali lisanafike pamenepo, lidakali m'manja mwa boma lalikulu. Lamulo la 1787 lotchedwa Northwest Ordinance ndi lomwe linalambula njira: poyamba dera lizilamulidwa ndi bwanamkubwa wochita kutumizidwa, amuna akuluakulu omwe si akapolo akakwana 5,000 lizisankha aphungu ake, ndipo anthu omwe si akapolo akafika 60,000 litha kupempha kukhala chigawo. Pa sitepe iliyonse funso la likulu linkadzukanso.

Ndani ankasankha likulu loyamba?

Nthawi zambiri ankatchula ndi bwanamkubwa wotumizidwa uja kapena nyumba ya malamulo ya dziko lonse, ndipo sankavutika kuganiza: ankangoloza mudzi womwe unalipo kale m'mbali mwa mtsinje. Vincennes ku Indiana, Kaskaskia ku Illinois ndi Detroit ku Michigan yonse inali midzi yakale ya Afalansa, komwe kunali doko, tchalitchi ndi nyumba zoti mlendo n'kugonamo. Kumadzulo, komwe anthu ankathamangira golide, likulu linkatsata mgodi. Montana inayamba ndi Bannack mu 1864, golide atachepa boma linasamukira ku Virginia City mu 1865, kenako ku Helena mu 1875. Likulu loyamba linali ngati msasa wa kumunda, aliyense ankadziwa kuti si pokhalitsa.

N'chifukwa chiyani zigawo zakale zinachotsa malikulu m'mphepete mwa nyanja?

Zifukwa zinali ziwiri, mantha ndi mtunda.

Pa nthawi ya nkhondo yomenyera ufulu wa America kuchokera kwa Angerezi, zombo za Angerezi zinkatha kufika padoko lililonse. Delaware inachotsa boma ku New Castle n'kupita nalo ku Dover mu 1777. Virginia inachoka ku Williamsburg kupita ku Richmond mu 1780, Thomas Jefferson ali bwanamkubwa, ngakhale kuti sizinathandize kwenikweni chifukwa mu January 1781 asilikali a Angerezi anakwerabe mtsinje wa James n'kukatentha mbali ina ya Richmond. Mantha omwewa anafika ku Michigan patapita zaka zambiri. Detroit ili tsidya lino la mtsinje, tsidya linalo kuli Canada, ndipo Angerezi anali ataulandapo mzindawu mu 1812. Ichi chinali chimodzi mwa zifukwa zomwe mu 1847 aphungu anasankhira Lansing, malo a m'nkhalango omwe panali mabanja owerengeka.

Koma chifukwa chachikulu chinali mtunda, ndipo apa ndi pomwe mtima wanga umagwirizana ndi alimi a m'katikati mwa dziko. Masiku amenewo kunalibe njanji kapena telefoni. Munthu wofuna chikalata cha munda wake, wokadandaula za msonkho, kapena phungu wopita kumsonkhano, ankayenda pa hatchi masiku ambiri m'matope. Amalonda a m'madoko ankangotuluka m'nyumba n'kukalankhula ndi aphungu pakamwa ndi pakamwa, pomwe mlimi wakutali ankadalira uthenga wotumiza, ndipo tonse tikudziwa kuti kandimverere anakanena za m'maluwa. Anthu atachuluka kumtunda anayamba kukakamira kuti boma liwayandikire. South Carolina inavomereza mu 1786 kumanga Columbia m'malo mwa Charleston. New York inakhazikika ku Albany mu 1797. Pennsylvania inachoka ku Philadelphia kupita ku Lancaster mu 1799, kenako ku Harrisburg mu 1812. Georgia ndiye inatsatira anthu ake pang'onopang'ono: Savannah, Augusta, Louisville, Milledgeville, mpaka Atlanta mu 1868.

Zigawo zina zing'onozing'ono zinayesa kugawana. Connecticut inali ndi malikulu awiri, Hartford ndi New Haven, mpaka 1875, ndipo aphungu a Rhode Island ankasinthasintha malo okumanira mpaka 1900 pomwe Providence inatsala yokha.

Kodi n'zoona kuti malikulu ena anamangidwa patchire penipeni?

N'zoona, ndipo ndi ambiri. Mizinda iwiri ikalimbirana, njira yothetsera mkangano inali kuimana yonse iwiri n'kuyamba mudzi watsopano pakati.

Florida ndi chitsanzo chomveka bwino. Msonkhano woyamba wa aphungu mu 1822 unachitikira ku Pensacola, ndipo ochokera ku St. Augustine anatha pafupifupi miyezi iwiri panyanja kuti akafike. Chaka chotsatira anakumana ku St. Augustine, a ku Pensacola nawo anazunzika pafupifupi mwezi wathunthu pa ulendo. Atatopa anatuma anthu awiri, wina kuchokera uku wina uko, kuti akapeze malo apakati. Mu 1824 Tallahassee inakhala likulu.

Ku North Carolina anagwirizana mu 1788 kuti likulu limangidwe pasanapitirire mamailosi 10 kuchokera pamalo a Isaac Hunter, pomwe panali nyumba ya alendo yodziwika kwa apaulendo. Mu 1792 boma linagula maekala 1,000 kwa Joel Lane n'kujambula misewu ya Raleigh. Ku Missouri anachita kulemba m'malamulo aakulu a chigawo kuti likulu likhale m'mbali mwa mtsinje wa Missouri, pasanapitirire mamailosi 40 kuchokera pomwe mtsinje wa Osage umathira, ndipo m'menemo ndi momwe Jefferson City inabadwira. Ku Indiana boma lalikulu linapereka malo aulere oti amangepo likulu. Anasankha pakati pa chigawo mu 1820, ndipo yemwe anajambula mzinda wa Indianapolis, Alexander Ralston, anali atagwirapo ntchito yojambula Washington, likulu la dziko lonse.

Malo aulerewa anali ndi ntchito yake. Boma linkawadula mapuloti n'kugulitsa, ndalama zake n'kumangira nyumba ya malamulo. Likulu linkadzilipirira lokha.

Kusamutsa boma kunkaoneka bwanji?

Boma lonse linkakwana m'ngolo zochepa. Chakumapeto kwa 1824 msungichuma wa Indiana, Samuel Merrill, analongedza ndalama za chigawo, zikalata ndi mabuku ku Corydon, n'kukweza pamodzi ndi banja lake m'ngolo zokokedwa ndi mahatchi. Makina osindikizira a boma anali pa ulendo womwewo. Mtunda wake ndi wa makilomita pafupifupi 200, womwe lero munthu amaudutsa m'maola awiri, koma iwo anatha sabata ndi theka, mateyala akutitimira m'matope, msewu uli kanjira chabe kodutsa m'nkhalango. Corydon yomwe ankaisiyayo ndi kumene mu June 1816 nthumwi 43 zinalembera malamulo a chigawo, ndipo kutentha kukafika povuta zinkatuluka m'nyumba n'kukakambirana pamthunzi wa mtengo waukulu wa elm. Chitsa cha mtengowo amachisungabe mpaka lero. Amene anakulira kumudzi komwe milandu imakambidwa pansi pa kachere sangadabwe nazo.

Ku West Virginia boma linkayenda pamadzi. Linachoka ku Wheeling kupita ku Charleston ya m'chigawomo mu 1870, kubwerera ku Wheeling mu 1875, n'kupitanso ku Charleston mu 1885, ulendo uliwonse akuluakulu ndi mabokosi a zikalata ali pa sitima ya pamtsinje. Arizona nayo inazungulira: Prescott, Tucson mu 1867, Prescott kachiwiri mu 1877, ndi Phoenix mu 1889.

Kodi panalibe katangale pa nkhani zimenezi?

Analipo, ndipo nthawi zina ankachitika masanasana. Munthu wokhala ndi malo pomwe pagwa likulu ankalemera usiku umodzi, choncho aliyense wa ndalama ankayesetsa kukokera likulu kumunda kwake.

Nkhani ya Wisconsin ndi yomwe imaonetsa bwino. Chakumapeto kwa 1836 aphungu anakumana ku Belmont, kamudzi kozizira kopanda malo ogona okwanira. James Duane Doty, yemwe kale anali woweruza, anafika ndi mapu a mzinda wokongola wotchedwa Madison, pakati pa nyanja ziwiri za Mendota ndi Monona. Mzindawo kunalibe, unali papepala pokha, ndipo malowo anali a iyeyo ndi anzake. Anagawira aphungu zikopa za njati zoti azifunda usiku, n'kuwapatsanso mwayi wa mapuloti mumzinda wa papepalawo. Anavotera Madison. Lero ndi mzinda wosiririka, koma kukongola kwake sikufafaniza mmene unapezekera.

Ku Kansas bwanamkubwa Andrew Reeder anaitanira msonkhano woyamba wa aphungu mu July 1855 ku Pawnee, komwe iye anali ndi gawo pa malo. Aphungu ambiri anali okonda ukapolo ndipo ankafuna kukhala pafupi ndi malire a Missouri, komwe kunali anzawo. Sabata isanathe anasamukira ku Shawnee Mission, ndipo Pulezidenti Franklin Pierce anamuchotsa Reeder paudindo. Apa likulu silinalinso nkhani ya mtunda, linali mbali ya nkhondo ya ukapolo yomwe inali pafupi kubuka.

Zopereka zina zinali zovomerezeka, zolembedwa poyera. Amalonda anayi analonjeza aphungu a Ohio mu 1812 kuti apereka malo ndi kumanga nyumba ya malamulo ndi ndende za ndalama zofika $50,000, ndipo boma linasamukira ku Columbus mu 1816. Ku Illinois, aphungu 9 a dera la Sangamon, onse ataliatali, mmodzi mwa iwo Abraham Lincoln akadali mnyamata, anagwirizana mpaka anapambana voti ya 1837 yosamutsira likulu ku Springfield, ndipo anthu a mzindawo analonjeza $50,000 ndi malo.

Njanji itafika, makampani ake analowa m'bwalo. Mu 1883 likulu la Dakota linachoka ku Yankton kupita ku Bismarck, mzinda wa panjanji ya Northern Pacific. Lamulo linkati komiti yosankha malo iyambire ntchito ku Yankton, koma poopa kuletsedwa ndi khoti, mamembala anachita msonkhano wawo m'sitima ikudutsa mumzindawo m'bandakucha, anthu ali mtulo. Ku Montana mu 1894 eni migodi ya kopa awiri anathira ndalama zosaneneka pa chisankho cha likulu lokhazikika, Marcus Daly akufuna Anaconda, William A. Clark akufuna Helena. Helena inapambana ndi mavoti osakwana 2,000.

Nanga zoti anthu ankalandana zikalata ndi zidindo, si nthano chabe?

Si nthano. Kuti timvetse, tikumbukire kuti boma la nthawiyo linali zinthu zogwirika ndi manja: chidindo chotsimikizira malamulo, ndi mabuku olembamo kuti munda uwu ndi wa uje. Komwe kuli zimenezi ndiko kuli boma.

Mu 1842 Texas inali dziko loima palokha. Asilikali a Mexico atalanda San Antonio, Pulezidenti Sam Houston ananena kuti Austin ili pangozi ndipo boma lichokeko. Anthu a ku Austin anadziwa kuti zikalata zikangopita, mzinda wawo watha. Kumapeto kwa December, amuna otumidwa ndi Houston anafika mwakachetechete n'kuyamba kukweza mabuku a ofesi ya malo m'ngolo. Mayi wina woyendetsa nyumba ya alendo, Angelina Eberly, anawaona. Anathamangira pomwe panali mzinga wa mzindawo n'kuuyatsa. Zipolopolo zinamenya khoma la ofesiyo, sipanavulale munthu, koma mudzi wonse unadzuka. Anazithamangitsa ngolozo, n'kukazipeza pa mtsinje wa Brushy Creek, ndipo zikalata zinabwerera. Austin ndi likulu mpaka lero, ndipo chiboliboli cha mayiyu ali pa mzinga wake chili pamsewu waukulu wa mzindawo.

Ku Minnesota mu 1857 aphungu anavomereza bilu yosamutsa likulu kuchoka ku St. Paul kupita ku St. Peter, komwe bwanamkubwa Willis Gorman anali ndi masheya m'kampani ya malo. Phungu Joe Rolette, wamalonda a zikopa yemwe anali wapampando wa komiti yoyenera kuipereka biluyo, anaiika m'thumba n'kukabisala mu hotela mpaka nthawi ya msonkhano inatha. Gorman anasayina kope ina, koma khoti linaikana.

Ku Oklahoma lamulo la dziko lonse la 1906 linkati likulu likhale ku Guthrie mpaka 1913. Pa 11 June 1910 anthu anavotera Oklahoma City, ndipo bwanamkubwa Charles Haskell sanadikire: chidindo chinanyamulidwa usiku, ndipo kutacha iye analengeza kuti boma lasamuka. A ku Guthrie anakasuma, koma mu 1911 khoti lalikulu la dziko lonse, pa mlandu wa Coyle v. Smith, linagamula kuti chigawo chili ndi ufulu woika likulu lake pomwe chafuna, ndipo boma lalikulu silingachimange manja.

Malo "apakati" amenewa anali opanda eni?

Ayi, ndipo funso ili ndi lomwe nkhani zambiri za malikulu zimalidumpha. Pakati pa chigawo pomwe azungu ankapathamangira panali kwawo kwa anthu ena. Pomwe pali Indianapolis panali midzi ndi malo osakako nyama a eni nthaka oyambirira a mitundu yotchedwa Delaware ndi Miami, omwe anawataya pa mapangano a ku St. Mary's mu 1818, zaka ziwiri zokha malowo asanasankhidwe. Jackson ya ku Mississippi inamangidwa pa nthaka yomwe a Choctaw anakakamizidwa kuisiya pa pangano la Doak's Stand mu 1820. Milledgeville inamangidwa pa nthaka ya a Creek. Ku Tallahassee mfumu Neamathla sinakondwe ndi kubwera kwa likulu pafupi ndi midzi ya anthu ake, koma mawu ake sanamveke.

Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi cha ku Tennessee. Pa pangano la 1805, a Cherokee anapereka malo a ku Kingston atauzidwa kuti mwina nyumba ya malamulo idzakhala pamenepo, zomwe zikanawabweretsera msika ndi boma pafupi. Pa 21 September 1807 aphungu anakumanadi ku Kingston. Anakhala tsiku limodzi lokha, n'kubwerera ku Knoxville, n'kumati lonjezo lakwaniritsidwa. Malowo sanabwezedwe. Choncho tikamayamikira kuti likulu linayandikira mlimi wosauka, tisaiwale kuti mlimiyo ankalima pomwe wina anachotsedwa.

Mizinda yomwe inasiyidwa inatani?

Ina inapirira, ina inafa. Detroit, Philadelphia ndi Charleston ya ku South Carolina sizinkadalira boma, zinali ndi madoko ndi malonda. Midzi yomwe inkadya za aphungu okha ndi yomwe inaona zakuda.

Anthu a ku Vandalia, yomwe inali likulu la Illinois, atamva mphekesera zakusamuka, anagwetsa nyumba ya malamulo yakale mu 1836 n'kumanga yatsopano poganiza kuti aphungu achita manyazi kuisiya. Mu 1839 boma linapitabe ku Springfield, ndipo nyumbayo inasanduka khoti la m'deralo. Cahaba, likulu la Alabama kuyambira 1820, inamangidwa pomwe mitsinje iwiri imakumana. Madzi osefukira anapatsa adani ake chonena, boma linapita ku Tuscaloosa mu 1826, kenako ku Montgomery mu 1846. Lero ku Cahaba kwatsala zipilala za njerwa, manda ndi misewu yomera udzu.

Kaskaskia ndiye inaona zoopsa. Boma litachoka mu 1820, mudziwo unayamba kuzilala, ndipo mu 1881 mtsinje wa Mississippi unasefukira n'kusintha njira, n'kuyamba kudya pomwe panali nyumba ndi misewu. Kachigawo komwe kanatsala kali tsidya lina la mtsinje, moti wofuna kukafika pagalimoto amadzera ku Missouri. Kumakhala anthu osakwana 30. Amasungabe belu lomwe mfumu Louis XV ya France inapereka ku tchalitchi cha mudziwo.

Kodi izi zikufanana ndi zomwe zinachitika ku Zomba ndi Lilongwe?

Zikufanana pa chiyambi. Zomba inasankhidwa ndi atsamunda, ndipo Harry Johnston anaikhazikitsa kukhala likulu mu 1891, kum'mwera komwe kunali azungu a mishoni ndi a minda. Dziko litalandira ufulu, boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda linati likulu likhale pakati, kuti chitukuko chifike kuchigawo chapakati ndi kumpoto. Ngongole yoyambira ntchitoyi inachokera ku South Africa, ndipo Lilongwe inakhala likulu mu 1975. Munthu wa ku Chitipa kapena Karonga amadziwa bwino kusiyana kwa ulendo wa ku Zomba ndi wa ku Lilongwe, monga momwe phungu wa ku Pensacola ankadziwira.

Kusiyana kwake n'kwakuti ku America mizinda inkapikisana ndi ndalama, mavoti ndi makhoti, pomwe kuno chinali chigamulo cha boma la chipani chimodzi. Ndiponso kusamuka kwathu kunatenga nthawi: aphungu anapitiriza kukumana ku Zomba mpaka 1994, ndipo nyumba yawoyawo ku Lilongwe inatsegulidwa mu 2010. Zomba sinafe ngati Cahaba, mwa zina chifukwa Chancellor College inasamukira kumeneko mu 1973.

Ku Zambia njira yake inali yofanana ndi ya ma territory. Fort Jameson, yomwe lero ndi Chipata, inali likulu la North-Eastern Rhodesia. Kumadzulo likulu linachoka ku Kalomo kupita ku Livingstone mu 1907, madera awiriwa anaphatikizidwa mu 1911, ndipo mu 1935 boma linasamukira ku Lusaka, pakati komanso panjanji.

Kodi masiku ano chigawo chingasamutsenso likulu?

Lamulo likuloleza, koma chiyambire cha Oklahoma mu 1910 palibe chigawo chomwe chachita. Boma lomwe linkakwana m'ngolo zochepa lero ndi maofesi mazanamazana, antchito zikwizikwi ndi mabanja awo, ndipo galimoto, ndege ndi intaneti zachepetsa dandaulo la mtunda.

Komwe nkhaniyi ikadali yamoyo ndi ku Alaska. Likulu linachoka ku Sitka kupita ku Juneau mu 1906, nthawi yomwe golide ndi zombo zinali kumeneko. Lero anthu ambiri amakhala ku Anchorage ndi madera ozungulira, koma ku Juneau kulibe msewu wolumikiza ndi mbali zina za chigawocho, munthu amakafika pa ndege kapena pa sitima ya pamadzi. Mu 1974 anthu anavota kuti likulu lisamuke, ndipo mu 1976 anasankha Willow, kumpoto kwa Anchorage. Mu 1982 anawaonetsa mtengo wake, pafupifupi $2.8 biliyoni, ndipo anaukana. Aphungu a Alaska amakwerabe ndege kupita ku Juneau chaka chilichonse mu January.